Nyali ya batire ikukana kuzima pa Corolla, batire ndi alternator ndasintha kale

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi Corolla AE110 ya 1997, injini 5A-FE, ya manual. Nyali yofiira ya batire pa dashibodi ikungoyaka osazima, kaya galimoto yaima ikulira, kaya ndili pamsewu. Inayamba mwezi wathawu mvula itavuta. Poyamba inkangophethira, kenako inakhazikika. Ndinagula batire latsopano, nyali ili pompo. Makaniko wina anati alternator, yotchaja batire ija, yafa, ndinagula ya second hand n'kumangitsa, nyali ikadali pompo. Chondizunguza mutu n'chakuti m'mawa uliwonse galimoto ikulira kamodzi n'kamodzi, sindinakankhitsepo. Loweruka ndili ndi ulendo wa ku Lilongwe, ku chinkhoswe cha mphwanga, ndipo sindikufuna kukagona m'Chikangawa ndi ana. Odziwa zamagetsi a galimoto ndithandizeni, m'thumba mwauma.

Wa Sienta Zolozolo: Matani tepi yakuda pamenepo achimwene, nkhani yatha kkkk. Yanga ya check engine ndinaiphimba ndi sitika ya Moyale, mpaka lero ndikunyamula anthu.

Mayi a Wongani: Pepani bambo a Tadala. Batirelo munaliyezetsa pogula? Ena amagona m'sitolo miyezi yambiri, munthu umanyamula latsopano koma lofooka kale.

Bambo a Tadala: Sindinayezetse mayi, koma sitata ikuzungulira mwamphamvu kuposa kale. Ndaiwala kunena, nyali ya handbrake nayo ikuyaka limodzi ndi ya batireyo ngakhale handbrake ndatsitsa.

Wa Sienta Zolozolo: Aaa ndiye ndi mabuleki amenewo. Ikani brake fluid.

Madala a Hiace: Ana inu nkhaniyi ndi yaifupi. Lizani galimoto, tengani sipanala ya 10, muzule terminal imodzi ya batire injini ikulira. Ikazima ndiye kuti alternator sikutchaja. Ikapitiriza kulira alternator ili bwino. Ife njira ya Karonga tayenda nayo choncho kuyambira msewu wa Chiweta tikuuopa usiku.

Amisiri a ku Luwinga: Madala, ndi ulemu wonse, zimenezo bambo a Tadala asayerekeze. Pa Hiace yanu ya dizilo ya kale ija munalibe kompyuta, ndiye munkapulumuka. 5A-FE ndi ya EFI, ili ndi kompyuta yoyendetsa ma injector. Batire ndi limene limameza moto ukadumpha. Mukalizula injini ikulira, moto wochokera ku alternator umatha kukwera mwadzidzidzi kupitirira kwambiri 14V, ndipo zoyamba kupsa ndi kompyuta, wailesi ndi regulator ya alternator yomweyo, kachipangizo koletsa moto kukwera mopitirira muyeso. Komanso mayeso amenewa amanama. Alternator yofooka imatha kuliza injini yokha bwinobwino, koma kuyatsa nyali ndi mawaipa yagwa.

Madala a Hiace: Ine sindinapsetsepo kanthu.

Amisiri a ku Luwinga: Mwayi madala. Ine amene anapsetsa ndi amene amandipeza.

Aphunzitsi a ku Ekwendeni: Ndilowepo pang'ono. Chimene chimasokoneza ambiri ndi chithunzi cha batire chili pa nyaliyo. Nyali imeneyi siyeza batire ayi. Batire ndi ndowa, alternator ndi mpope wodzaza ndowayo. Nyali ikayaka ikunena za mpope ndi mapaipi ake, osati ndowa. N'chifukwa chake batire lakufa kwenikweni limakusiyani pa sitolo galimoto ikungoti tcha tcha, pomwe dzulo lake nyali sinayakepo. Ndiye bambo a Tadala, kusintha batire sikukanazimitsa nyaliyo ngakhale mukanagula lodula bwanji.

Mayi a Wongani: Ndiye ogulitsa mabatire bwanji satiuza zimenezi?

Wa Sienta Zolozolo: Akuuzeni kuti adye chiyani asisi kkkk

Amisiri a ku Luwinga: Za handbrake zija musadandaule nazo, ngakhale kuyang'ana brake fluid sikulakwa. Pa ma Toyota ambiri a zaka za m'ma 1990 nyali ya mabuleki inalumikizidwa ndi ya batire, kuti mukatembenuza kiyi injini isanalire mababu onse ayake muone kuti ndi amoyo. Ya batire ikayaka imakoka inzakeyo. Vuto ndi limodzi, osati awiri.

Bambo a Tadala, tisagulenso kanthu tisanayeze. Pezani multimeter. Ngakhale yachikasu yotchipa ija ikwana, anyamata okonza mafoni kapena oika solar ali nayo, mubwereke. Ikani pa DCV 20. Waya wofiira pa + ya batire, wakuda pa −. Mundipatse manambala atatu: injini itazima galimoto itagona usiku wonse, injini ikulira popanda choyatsa chilichonse, ndiye injini ikulira mutayatsa nyali zazikulu, fani ya heater pa mphamvu yonse ndi mawaipa, wina ataponda mafuta mpaka 2000 rpm. Batire labwino lodzaza limakhala pa 12.4 mpaka 12.7. Injini ikamalira tikufuna pakati pa 13.8 ndi 14.5. Ikakhala pa 12 point chakuti injini ikulira, sikutchaja. Ikadutsa 15, ikuphika batire.

Madala a Hiace: Asanafike ku mamita anuwo ayambe wagwira lamba. Theka la nyali za batire zimene ndaona ine ndi lamba wokhwepa basi.

Amisiri a ku Luwinga: Apo ndiye madala mwanena zoona. Injini itazima, dinani lamba ndi chala chachikulu pakati pa ma pulley awiri, asalowe kupitirira sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Muonenso mkati mwake ngati wang'ambikang'ambika kapena wasalala mpaka kunyezimira. Ndipo pa 5A-FE lamba wa alternator ndi yemweyo amazungulitsa water pump. Tsiku lina nyali ya batire ikadzayaka mwadzidzidzi muli pamsewu, diso lipite pa singano ya temperature nthawi yomweyo. Ikamakwera, lamba waduka, imani pomwepo. Kuyenda opanda tchaji kumangokuthera batire, kuyenda opanda water pump kumakuthera injini.

Mayi a Wongani: Amisiri pamenepo mwandikhudza. Vitz yanga ndikaponda madzi a pamsewu wa ku Chiputula uja imalira kwiii, nyali ya batire n'kuyaka pang'ono kenako n'kuzima. Kukakhala kouma sichita.

Amisiri a ku Luwinga: Ameneyo ndi lamba mayi, akuterera akanyowa. Amangitseni kapena asinthidwe. Musalole wina athirepo oilo kapena sopo kuti phokoso lithe, phokoso limathadi koma kuterera kumawonjezeka.

Admin: Amene mukutumiza malonda a mapuloti m'kati mwa nkhani ino ndafufuta. Gulu lino ndi la magalimoto.

Bambo a Tadala: Mwadzuka bwanji akuluakulu. Mita ndabwereka kwa mnyamata wa solar kuno ku Chibavi. Injini itazima 12.6. Ikulira 14.5. Nditayatsa nyali, heater ndi mawaipa, mayi a kunyumba ataponda mafuta, 14.2. Lamba ndi wolimba, analowa pang'ono chabe, ndipo alibe ming'alu. Nyali ikuyakabe.

Wa Sienta Zolozolo: Ndiye ikutchaja! Ndinanena ine, tepi. Kapena chotsani babu m'dashibodimo muyende mwamtendere.

Aphunzitsi a ku Ekwendeni: Kuchotsa babu kuli ndi zovuta ziwiri. Choyamba n'chodziwikiratu, tsiku limene alternator idzafedi simudzadziwa mpaka nyali zakutsogolo zitayamba kufiira. Chachiwiri, pa magalimoto ena akale a alternator za Bosch kapena Lucas, moto woyamba wodzutsa alternator umadutsa m'babu lomwelo. Babu likapsa kapena kuchotsedwa, alternator imachedwa kuyamba kutchaja mpaka mutaponda mafuta kwambiri, ina osayamba n'komwe. Pa Toyota iyi si choncho chifukwa ili ndi waya wakewake wochokera ku kiyi, koma pagulu pano pali anthu a magalimoto osiyanasiyana, wina angatengere.

Madala a Hiace: Ine ndikuti makaboni, timakala tam'kati mwa alternator tija. Akamatha, nyali imayamba ndi kuphethira monga ananenera mwini wakeyu, kenako imakhazikika. Ndikukwera Chiweta tsiku lina inandiyakira, ndinaima, kugogoda alternator ndi chogwirira cha sikuludiraiva, nyali zii mpaka Mzuzu. Mawa lake tinatsegula, makaboni atatsala kachidutswa. Alternator za second hand zimenezi zimabwera zitayenda kale ku Japan, ndani anaona mkati mwake?

Amisiri a ku Luwinga: Nkhani ya makaboni ndi yoona ndipo ndi imene imapha alternator zambiri za Denso. Atsopano amatuluka pafupifupi mamilimita 10, akamadyeka sipuling'i imalephera kuwakankhira pa slip ring, mphete yozungulira imene amakhudza, ndiye kugogoda kumawagwiritsa kwa kanthawi. Kusintha kwake ndi ntchito yaing'ono: kutsegula chivundikiro chakumbuyo, zomangira ziwiri, brush holder yatuluka. Anthu ambiri amataya alternator yonse chifukwa cha kanthu kameneka. Oilo wodontha kuchokera pamwamba pa injini akalowamo amawathanso msanga.

Koma madala taonani manambala. Makaboni akasiya kugwira, tchaji imagwa, mita imabwerera ku 12. Apa tili ndi 14.2 katundu yense atayatsidwa, ndipo nyali ikuyaka nthawi yomweyo imene mita ikuonetsa 14. Komanso alternator ziwiri zosiyana, matenda amodzimodzi osasintha ngakhale pang'ono? Ine maso anga achoka pa alternator, apita pa chimene sichinasinthidwe.

Mjomba wa ku Mchengautuwa: Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Bwanji ma diode, tizipangizo tam'kati mwa alternator tosandutsa moto wa AC kukhala DC? Diode imodzi ikapsa alternator imatchajabe koma moperewera. Ndinaona pa YouTube amati ika mita pa AC, uyeze pa batire injini ikulira, ikapitirira theka la volt ma diode apita.

Bambo a Tadala: Ndayesa pompano. Pa ACV 200 ikuonetsa 31! Akuluakulu ndazimitsa injini, ndachita mantha.

Aphunzitsi a ku Ekwendeni: Mtima m'malo bambo a Tadala kkkk. Mukanakhala ndi 31V ya AC m'galimotomo mababu onse akanapsa kalekale. Timamita tachikasu timeneti sitidziwa kusiyanitsa AC ndi DC pa mbali ya AC. Timatenga DC yomwe ija n'kuichulukitsa kawiri ndi pang'ono. Yesani pa batire injini itazima muone, ikupatsani 27 kapena chapompo, pomwe palibe chikuzungulira. Mayeso amene anena mjombawa ndi enieni, koma amafuna mita yabwinoko yokhala ndi AC ya ma volt ochepa.

Bambo a Tadala: Zoonadi, itazima ikuti 27. Mtima unali utakwera.

Amisiri a ku Luwinga: Ma diode tingawayese ndi zizindikiro zina. Diode yopsa imapangitsa alternator kulira mluzu wokwera ndi kutsika motsatira injini, nthawi zina mluzuwo umamveka m'masipika a wailesi. Yochita short imamwa batire usiku, m'mawa galimoto osalira, ndipo mukagwira alternator galimoto itagona mumaipeza yofunda. Ndipo tchaji imatsika mukayatsa zinthu. Bambo a Tadala alibe chilichonse mwa izi. Tizisiye kaye.

Tsopano mvetserani bwino, apa ndi pamene ndikuganizira. Kumbuyo kwa alternator kuli waya wonenepa womangidwa ndi nati, ameneyo ndi B, wopita ku batire kudzera pa fyuzi yaikulu ya ALT ya 100A. Ameneyo ali bwino, apo ayi 14 sikanafika pa batire. Pambali pake pali pulagi ya timawaya titatu: IG, L ndi S. IG amabweretsa moto kuchokera ku kiyi kudzutsa regulator. L ndi wa nyali ya pa dashibodi, regulator ikafuna kuyatsa nyali imamugwetsera ku earth. S ndi amene regulator imamvera kuti moto ku batire wafika pati, ndipo amakhala ndi moto nthawi zonse ngakhale kiyi ali m'thumba. Regulator za Denso za nthawi imeneyo anazipanga mochenjera: S akaduka, siisiya kutchaja, imayamba kuyezera pa B, koma imayatsa nyali kukudziwitsani kuti chinachake chaduka. Ndiye galimoto imatchaja bwinobwino nyali ili ngwee. Njira ina ndi yakuti waya wa L wakhuzika penapake akugunda chitsulo, nyali n'kumayaka regulator isanalamule.

Kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta. Injini itazima, zulani pulagi ija. Dinani kaloko kake, musakoke mawaya, pulasitiki yake inauma ndi zaka. Tembenuzani kiyi pa ON osaliza. Nyali ya batire ikayakabe pulagi ili pamanja, L akugunda chitsulo kapena vuto lili m'dashibodi. Ikazima, L ndi dashibodi zilibe mlandu.

Mjomba wa ku Mchengautuwa: Amisiri mukupereka ntchito yanu yaulere apa, mudya chiyani?

Amisiri a ku Luwinga: Akalephera abwera mjomba kkkk. Komanso pa bench panga padzaza kale ma alternator abwinobwino amene anthu anachotsa popanda chifukwa.

Bambo a Tadala: Ndazula. Kiyi pa ON, nyali ya batire yazima, ya handbrake nayonso yazima. Ya oilo ndi check engine zikuyaka monga mwa nthawi zonse. M'kati mwa pulagi muli tobiriwira pang'ono.

Amisiri a ku Luwinga: Tayandikira. Tsopano chotsani kiyi. Mita pa DCV 20, wakuda pa − ya batire, wofiira mugunde timabowo titatu ta pulagi ya ku mawaya, kamodzikamodzi. Musakakamize msonga wa mita kulowa, mungatanule timapini. Kamodzi kayenera kukupatsani 12 point chakuti. Mukatero bwezerani kiyi pa ON muyezenso, apo tonse titatu tiyenera kukhala ndi moto.

Mayi a Wongani: Ine ndikungotsatira, ntchito yaima kuno ku ofesi.

Bambo a Tadala: Kiyi atachotsedwa: 0, 0, 0. Kiyi pa ON: tiwiri tili ndi 12.3 ndi 12.1, kamodzi kali pa 0.

Amisiri a ku Luwinga: Basi wapezeka. Kamene kali pa 0 ndi S, moto sukufika. Tsegulani bokosi la mafyuzi la m'boneti pafupi ndi batire, pansi pa chivundikiro pali mapu, funani yolembedwa ALT-S, ndi yaing'ono. Musangoiyang'ana ndi maso. Pamsana pa fyuzi pali timadontho tiwiri tachitsulo, gundani tonse ndi mita ili m'malo mwake. Moto mbali imodzi yokha, fyuzi yapsa. Moto mbali zonse, waya waduka pakati pa bokosilo ndi pulagi.

Wa Sienta Zolozolo: Ikakhala fyuzi ndiseka mpaka Dunduzu. Batire ndi alternator chifukwa cha fyuzi ya mtengo wa mandasi.

Madala a Hiace: Fyuzi ikapsa kulungani kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, mufika.

Aphunzitsi a ku Ekwendeni: Madala lero mwatsimikiza kuotcha Corolla ya eni ake kkkk. Fyuzi imapsa kuti waya asapse. Muike ya nambala yomweyo imene yalembedwa pa chivundikiro.

Bambo a Tadala: Fyuzi ili bwino, 12.5 mbali zonse ziwiri. Ndainyamulanso kuiona, miyendo yake ndi yoyera.

Amisiri a ku Luwinga: Ndiye ndi waya. Musanagwire china chilichonse masulani terminal ya − pa batire, chifukwa nati ya B ija ili ndi moto nthawi zonse, sipanala ikagunda pamenepo ndi chitsulo cha injini mudzaona zimene simunaonepo. Mukatero yambirani pa pulagi kubwerera m'mbuyo. Matulani tepi yokulunga mawaya kutalika kwa chikhatho. Kawaya ka S kakokeni pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, malo ndi malo. Pamene mkuwa unaduka mkati, khungu lake limatanuka ndi kuwonda. Kawirikawiri pamakhala pafupi ndi pulagi penipeni, chifukwa injini imagwedezeka pomwe mawaya amangiriridwa ku bodi, ndiye amapindika malo amodzimodzi zaka ndi zaka. Onjezani chinyezi cha Mzuzu, kuno mvula imafika mpaka April ndi May, June n'kubwera ndi mawawa ake, mkuwa ukangoonekera umasanduka ufa wobiriwira.

Mjomba wa ku Mchengautuwa: Ndi anyamata otsuka magalimoto aja, amalozetsa paipi ya pressure m'injini monse, pa mapulagi pomwe.

Amisiri a ku Luwinga: Amenewo ndiye amandibweretsera makasitomala. Mukamatsukitsa injini vundikirani alternator ndi distributor ndi jumbo.

Wa Sienta Zolozolo: Koma amisiri, bwanji osangotenga kawaya kafupi kuchoka pa S kukamanga pa nati ya B pomwepo? Moto ulipo, nyali izima, ntchito ya mphindi zochepa.

Amisiri a ku Luwinga: Izimadi, ndipo mutandipeza pa Jenda usiku ndikhoza kukuchitirani kuti mufike. Koma si kukonza. Cholinga cha S n'chakuti regulator imve moto kumene ukufika, kufupi ndi batire, osati kumene ukuchokera. Mukamumanga pa B, tsiku limene waya wonenepa uja kapena fyuzi ya ALT zidzayambe kuchita dzimbiri, alternator idzaona 14 pakhomo pake n'kukhutira, batire likulandira 13, nyali osayaka. Komanso kawaya kameneko kakhala kopanda fyuzi yakeyake yaing'ono, kali pa moto wa batire lonse. Poti waya weniweni alipo ndipo fyuzi yake ili bwino, alumikizidwe yemweyo.

Aphunzitsi a ku Ekwendeni: Pamene mita ili m'manja, bambo a Tadala, mudzayezenso kutayika kwa moto m'mawaya onenepa mukamaliza. Injini ikulira, nyali zitayatsidwa, wofiira pa nati ya B, wakuda pa + ya batire. Kenako wina pa thupi la alternator, wina pa − ya batire. Manambala onsewa akhale aang'ono, 0.2 kapena 0.3. Akafika theka la volt kapena kupitirira, pali polumikizira pakuda kapena waya wa earth wa pakati pa injini ndi bodi watopa. Pa galimoto ya 1997 n'zofunika kuona. Musamale ndi lamba ndi fani, malaya a manja aatali apindidwe.

Bambo a Tadala: Akuluakulu ndaupeza! Nditamatula tepi, zala ziwiri kuchoka pa pulagi, pali pamene munthu wina kale analumikiza wayayo pongopotokola n'kukulunga tepi. Ndangogwira, wathothoka yekha, mkati muli ufa wobiriwira wokhawokha. Galimotoyi ndinagula kwa munthu wachitatu, sindikudziwa kuti zinachitika liti. Ndatumiza chithunzi.

Mayi a Wongani: Mayo ine, kawaya kameneka ndi kamene kadya batire ndi alternator?

Madala a Hiace: Ndiye kuphethira kuja kunali kugwira ndi kusiya kwa kawayako. Chabwino. Koma makaboni muwaonebe.

Amisiri a ku Luwinga: Musapotokolenso. Dulani mbali zonse mpaka mupeze mkuwa wowala, chifukwa kubiriwirako kumayenda pansi pa khungu. Waya akafupika onjezani chidutswa chonenepa mofanana. Awotchereredwe ndi solder, pamwamba heat shrink, musaiwale kuilowetsa musanawotcherere. Mnyamata wa solar uja ali nazo zonsezi. Timapini ta pulagi mutitsuke ndi contact cleaner ndi kamswachi, tiume, ndiye mubwezere mpaka kaloko kalire. Mawayawo muwamangirire ndi cable tie kuti asalendewere, koma musiye mpata pang'ono woti injini izigwedezeka osawakoka. Ngati ma terminal a batire ali ndi zoyera zija, soda wa m'khitchini ndi madzi ofunda, kupukuta, kumanga, kenako Vaseline pamwamba.

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Tawotcherera madzulo ano. Kiyi pa ON nyali ikuyaka, kuliza injini ikuzima, ya handbrake chimodzimodzi. Pa batire ikulira 14.1, nditayatsa zonse 13.9. Za aphunzitsi zija: 0.2 ku B, 0.1 ku earth. Ndazungulira mpaka Katoto kudzera msewu wa mabampu, sinaphethire. Yewo chomene amisiri, aphunzitsi, madala ndi nonse. Amisiri munditumizire nambala ku inbox, ka fanta kokha.

Wa Sienta Zolozolo: Ine wa tepi palibe yewo? Kkkk. Amisiri mawa ndikubwera ndi check engine yanga, koma sitika musaing'ambe.

Mjomba wa ku Mchengautuwa: Funso langa ndi lakuti alternator yakale ija ili kuti? Chifukwa mmene zaonekeramu inalibe vuto.

Bambo a Tadala: Anaisunga kumene ndinagula ya second hand ija, anati ndi exchange, anandichotserako pang'ono pamtengo. Batire lakale ndinapatsa alamu anga akuonerera TV kumudzi, akuti likugwira bwino kwabasi.

Mayi a Wongani: Pitani mukaitenge bambo a Tadala. Mawa aipukuta aigulitsa kwa wina pamtengo wonse, mwinanso kwa mmodzi wa ife pagulu pano.

Madala a Hiace: Akakupatsani muiike makaboni atsopano muisunge. Alternator imene inabwera ndi galimoto siitayidwa.

Aphunzitsi a ku Ekwendeni: Wogulitsayo mlandu wake ndi wochepa, anagulitsa chimene anapemphedwa. Amene ananena kuti yafa asanaike mita ndi amene ayenera kufunsidwa. Kuyeza pa batire injini ikulira sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Bambo a Tadala: Ndapitako m'mawa uno. Akuti yakale ija inapita kale, anagula munthu wa ku Nkhata Bay. Titakambirana ndithu anena kuti ndalama sabweza, koma andipatsa lamba watsopano wa alternator. Ndilandire?

Amisiri a ku Luwinga: Landirani, koma muone nambala yolembedwa pamsana pake ifanane ndi ya lamba amene ali pa injini, muwerengenso mizere ya mkati. Muike m'buti pamodzi ndi sipanala ya 12 ndi ya 14, ndi zimene zimamasula alternator pa injini imeneyo. Amene alipoyo musamuchotse poti ali bwino, mungomudinanso ndi chala mukafika ku Kasungu injini itapola, chifukwa mabawuti ake agwidwagwidwa masiku ano.